Yambani ndi jenereta ndi kukhitchini, sola ibwere pambuyo

Achemwali, mwafunsa kuti komiti yanu ya ophunzira iyambire pati pofuna kuchepetsa magetsi ndi mpweya woipa pa yunivesite, ndipo mwati anzanu akufuna kulemba kalata yopempha ndalama zogulira sola. Ine ndikuti kalatayo iyambe yadikira kaye.

Kuno kwathu magetsi ambiri amene ESCOM imatigulitsa amapangidwa ndi madzi a mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, kuwonjezapo sola ya ku Salima ya mamegawati 60 imene inatsegulidwa mu 2021. Choncho babu likayaka m'kalasi mwanu silibweretsa utsi wochuluka ngati ku South Africa kumene amawotcha malasha. Utsi weniweni wa pasukulu panu ukutuluka mu jenereta, m'nkhuni za kukhitchini, m'makala a ophunzira okhala m'nyumba za lendi, ndi m'galimoto. Lita imodzi ya dizilo ikapsa imatulutsa makilogalamu pafupifupi 2.7 a mpweya wa kaboni.

Musanapemphe kalikonse, pezani manambala. Pitani ku ofesi ya zachuma ndi kwa oyang'anira nyumba, muwapemphe mwaulemu mabilu a magetsi a miyezi 12, buku lolembamo dizilo, ndi kuchuluka kwa nkhuni zimene zimagulidwa. Kenako werengani mita cha m'ma 10 koloko usiku, muwerengenso 5 koloko m'mawa, kwa sabata yathunthu. Mayunitsi amene apita anthu ali mtulo ndi amene akuuzeni zimene zimagona zili zoyaka.

Pa jenereta ndiye ndikufuna mulimbikire. M'malo ambiri magetsi akathima jenereta imanyamula chilichonse, magiza, ma air conditioner a m'maofesi opanda anthu, mpaka ayironi. Pemphani amisiri a magetsi alekanitse mawaya kuti dizilo azigwira ntchito pa zofunika zokha: laibulale, mafiriji a mu labu, makina a intaneti, pampu ya madzi ndi magetsi oteteza anthu usiku. Tonse tikukumbukira 2022, namondwe Ana atawononga Kapichira n'kutichotsera mamegawati pafupifupi 130. Majenereta ankalira tsiku lonse. Zoterezi zitha kubweranso.

Chachiwiri ndi chilichonse chotenthetsa. Giza ya makilowati 3 ikatenthetsa madzi maola 4 patsiku imadya mayunitsi 12. Babu la LED la mawati 9 likayaka maola 10 silifika n'komwe pa gawo limodzi mwa magawo khumi a yuniti. Ndiye kuti giza imodzi ikufanana ndi mababu oposa 130. Zikwangwani zoti "zimitsani magetsi" n'zabwino, machubu akale a mawati 36 asinthidwenso ndi a LED a mawati 18 akamapsa, koma kachipangizo kozimitsa giza pa nthawi yake kakupulumutsirani zambiri pa mtengo wochepa. Ndalama ya sola ikapezeka, yoyamba ikhale yotenthetsera madzi osamba.

Chonde, musalimbikitse zolanda ma hotplate m'mahositelo popanda kupereka njira ina. Ndimamva chisoni anthu akamaiona ngati njira yachidule. Wophunzira sasiya kudya. Akamulanda hotplate amakagula makala, bilu ya sukulu imatsika koma mtengo wagwa kuphiri, ndipo mbaula m'chipinda chotseka imapha munthu ali mtulo. Pemphani khitchini imodzi pa hositelo iliyonse, yokhala ndi mapoto a magetsi aja otseka kwambiri amene amapsetsa nyemba msanga. Ngakhale kungoviika nyemba usiku kumafupikitsa nthawi yophika. Anzanu a kulendi auzeni za chitetezo mbaula kapena gasi, akhoza kusonkherana anthu atatu kapena anayi.

Kukafiteriya lowani mwaulemu, mucheze ndi amayi ndi abambo ophika, chifukwa utsiwo amaupuma ndi iwo. Ngati akuphikabe pa mafuwa, mbaula zikuluzikulu zomangira poto mkati, zokhala ndi chumuni, zimachepetsa nkhuni kwambiri. Nkhuni zikhale pouma, mapoto azivundikiridwa. Mipopi yodontha isakudutseninso, madzi amenewo anakwezedwa mu thanki ndi pampu ya magetsi.

Sola ya magetsi idzabwere mutadziwa kuchuluka kwa magetsi amene izifunika kupereka. Yambani ndi nyumba imodzi, ine ndingasankhe laibulale, kuti jenereta isamalire chifukwa cha anthu owerenga. Woika akhale wovomerezeka ndi MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta, ndipo m'pangano mulembedwe amene azipukuta fumbi la mu Okutobala ndi kumene ndalama yosinthira mabatire idzachokere. Ndaonapo sola zambiri zongokongoletsa denga chifukwa palibe anaganizira za batire.

Kwa akuluakulu a sukulu kalankhuleni m'makwacha, tsamba limodzi lokha: tikuwononga zakuti pamwezi, tikachita ichi zitsala zakuti. Ngati muli ndi ophunzira a uinjiniya kapena sayansi ya chilengedwe, kuwerengaku kutha kukhala pulojekiti yawo ya chaka chomaliza, mphunzitsi n'kusainira. Mukawerenga mita sabata ija, ponyani manambalawo muno mugulu tidzathandizane kuwerengetsa.