Mulipireni mnyamatayo, achimwene

Achimwene ena a ku Area 25 ku Lilongwe andilembera pa imelo. Akufuna Loweruka lina adzayende m'mapiri a Mchinji, atsikire kumitsinje, abwerere kwawo tsiku lomwelo. Mnyamata wina wa m'mudzi wa m'tsinde mwa phiri wavomera kuwaperekeza koma akufuna malipiro. Anzawo a kuntchito akuti kumeneko n'kutaya ndalama, foni ili ndi mapu, ndipo Mmalawi salipira poyenda m'dziko lake. Ndiye akufunsa: ndilipire kapena ayi?

Mulipireni, achimwene. Amene ali pachangu akhoza kusiyira pomwepa. Koma mawu a anzanuwo andilasa mtima, chifukwa ine ndinakulira pakhomo pa munthu amene anaperekeza alendo m'nkhalango imeneyi kwaulere mpaka miyendo inawakana.

Ndikunena atsibweni anga, alongo awo a amayi. Sukulu sanapite nayo patali, koma alendo akafika kwa amfumu n'kunena kuti akufuna kuona phiri, mthenga ankathamangira kwathu. Ankabwera osiyanasiyana: aphunzitsi pa holide, anthu a mabungwe, ophunzira za mitengo atanyamula makope. Atsibweni ankasiya khasu pamzere, kankhwangwa paphewa, ine n'kundisenzetsa chigubu cha madzi. Tinkanyamuka mame asanaume, kudutsa m'madimba, n'kuyamba chitunda. Kukwera koyambako n'kowawa, thukuta limatuluka ngakhale mu June. Koma ukangofika pamsana pa phiri njira imafewa. Umayenda mumthunzi wa mombo, tsamba ndi mtondo, kamphepo kakukupita, mbali iyi ukuona midzi ndi minda ya mtedza ya kwathu, mbali inayo mapiri a ku Zambia. Mu September, mvula isanagwe n'dontho lomwe, mitengoyi imaphuka masamba ofiira, phiri lonse psuu, ndipo alendo ankaima n'kufunsa ngati mitengo ikuuma. Atsibweni ankawauza kuti amenewo ndi masamba anthete, abwerenso pakatha masabata ochepa adzaone kubiriwira kwake.

Mayina a mitengo mwana aliyense wa kumudzi amawadziwa. Chimene chinkandidabwitsa ine ndi mmene ankadziwira za kutsogolo tisanafikeko. Akaona misuku yathithikana ankati pano nthaka ndi yamiyala, madzi musayembekezere. Akaona katope ndi mkuyu kumunsi ankati titsikire apo, pali kasupe wosaphwa, ndipo tinkam'pezadi, n'kukhala pamwala kumwa thobwa mapazi ali m'madzi. Potsika kukhwawa ankatsogola ndi ndodo, chifukwa m'zitsamba za m'mbali mwa mtsinje ndi mmene mumayanga chitedze, ndipo amene chinam'khudzapo amadziwa kuti ulendo umathera pomwepo. Ankaona khwekhwe la waya lotchera agwape ife tikuona udzu wokha. Ankadziwa malo amene mphiri imakonda kuothera dzuwa, njira imene linthumbu ladutsa, mphako imene muli njuchi zolusa. Nthawi ya dzinja ankasankha bowa akuyenda: utale ndi ndelema m'thumba, wina n'kumuponda osanena kanthu.

Madzulo titatsika, alendo ankawagwira chanza n'kunena kuti zikomo kwambiri bambo, Mulungu akudalitseni. Ena ankasiya botolo limene amweramo madzi, ena buledi wotsala. Makope aja ankapita atadzaza ndi nzeru za atsibweni. Kunyumba akazi awo ankangoloza munda umene wagona osapalira. Eni akewo sankadandaula, ankati mlendo sam'mana njira. Ine ndiye ndimadandaula m'malo mwawo, ndipo sindidzaleka.

Tsono wina azinena kuti foni ili ndi mapu! Foniyo ikuonetsani malo obiriwira, inde. Koma siikuuzani kuti kankhalango kakuda bii kali kumanzereko ndi manda, kapena kuti kuseri kwake kuli dambwe. Kuno Gule Wamkulu ndi wamoyo, ndipo mlendo wolowa malo amenewo kamera ili m'manja amakathera pabwalo la amfumu, kukalipira zoposa zimene mnyamata uja anapempha. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Komanso kumtundako netiweki imabwera n'kuthawa, ndipo mukayandikira malire foni imayamba kukulandirani ku Zambia inu musanadziwe n'komwe kuti njira mwaisiya kalekale.

Zoti Mmalawi salipira poyenda m'dziko lake ndiye zimandikwiyitsa koposa. Minibasi ya ku Mchinji, makilomita pafupifupi 110 pa msewu wa M12, mulipira osawiringula. Kunyanja mumalipira pageti kuti mukakhale pamchenga. Wa kabaza mumam'patsa zake. Koma zikafika kwa munthu wa kumudzi amene wasiya dimba lake tsiku lathunthu, mpamene timakumbukira kuti dziko ndi lathu tonse. Phirilo iye sakukugulitsani. Mukulipira tsiku lake, miyendo yake ndi zimene anaphunzira kwa makolo ake. Mzungu akabwera ndi chikwama kumsana tonse timavomereza kuti alipire womuperekeza. Ife tikabwera ndi chikwama chomwecho tikufuna m'bale wathu atigwirire thangata.

Ndipo zimenezi zinayamba kale. Nkhalango ya Mchinji inakhala yotetezedwa m'zaka za m'ma 1920, pamene boma la Mchinji linkatchedwa Fort Manning. Kuyambira nthawi imeneyo anthu a m'tsinde mwa phiri amauzidwa kuti nkhalango ndi ya boma, koma moto ukabuka mu October, othamanga ndi nthambi kukazima ndi iwo. Nyengo yodzala mitengo ikafika, kuyambira pa 15 December mpaka pa 15 April, okumba maenje ndi iwonso. Ndiye mwana wawo akapempha kangachepe pa ntchito imene amaidziwa, tizimutcha wadyera?

Mukatsikira kuzigwa mudzaona timitsinje tating'ono, tina toti mwana n'kudumpha. Musatiderere. Mtsinje wa Bua umayambira m'mapiri a Mchinji, n'kulandira Namitete ndi Rusa, kudutsa cha ku Kasungu, kulowa m'nkhalango ya Nkhotakota mpaka kukathira m'nyanja, ndipo mpasa zimachoka kunyanjako kukwera mtsinje umenewu kukaswana. Pamene mitengo ilipo, mvula imagwera pa masamba oyoyoka, n'kumalowa pansi pang'onopang'ono, ndipo akasupe amatumphuka mpaka chilimwe. Pamene adula, madzi onse amathamanga tsiku limodzi atakokolola dothi, ndipo pofika August khwawa limakhala mchenga wokhawokha. Makhwawa ena amene ndinkamwamo ndili mwana lero ali choncho. Sindikubisirani: mudzaona zitsa, mudzaona mauvuni a makala akufuka utsi, ndipo mtima udzakuwawani.

Pempho langa n'loti musachite zimene ndimaona pa Facebook. Munthu kujambula zitsa, kulemba kuti anthu akumudzi ndi mbuli zowononga chilengedwe, kenako kubwerera ku Lilongwe kukaphika nsima pa mbaula ya makala. Matumba amene amayenda panjinga m'bandakucha aja amakathera m'makhitchini athu a m'tauni. Lamulo la zankhalango la 1997 analikhwimitsa mu 2020, zilango zinakwera, koma wogwidwa pamsewu amakhala wanjinga, wogula ali phee kwawo. Mnyamata wanuyo ali ndi nkhwangwa kunyumba, ndipo thumba la makala silisowa wogula. Ngati wasankha kupeza ndalama poonetsa anthu mitengo ili chiimire, inu n'kum'mana, ndiye kuti mwamuuza nokha ntchito imene ili ndi phindu. Ine pamenepa sindisuntha: amene sakufuna kulipira woperekeza asakwere phiri la eni, akayende mumsewu wa phula.

Za ulendo weniweniwo

Pitani pakati pa May ndi August. Kunja kumazizira, mitsinje imaoloka bwino, ndipo moto wa tchire umakhala usanafike poipa. M'dzinja miyala imaterera ndipo khwawa limadzaza mwadzidzidzi. Kuchoka ku Lilongwe m'mawa n'kubwerera tsiku lomwelo n'kudzipanikiza, kuli bwino mufike pa boma Lachisanu, mudutse ku ofesi ya zankhalango asanaweruke mukafunse za chilolezo, mugone konko, muyambe kukwera isanakwane 7 koloko. Mnyamatayo ayambe wakufikitsani kwa amfumu. Munthu aliyense anyamule madzi malita 2 kapena 3, mtedza, mbatata ndi nthochi. Muvale thalauza lalitali chifukwa cha nkhupakupa ndi chitedze, nsapato zosaterera, ndipo chiphaso cha unzika chikhale m'thumba popeza malire ali pafupi. Madzi odikha a kudambo musasambemo, mungatenge likodzo. Miyezi imeneyi dzuwa limalowa isanakwane 6 koloko, choncho pofika 3 koloko mukhale mukutsika. Lamulungu m'mawa, ngati miyendo ikulola, wa kabaza akufikitseni ku Kachebere mukaone seminale imene inatsegulidwa mu 1939 m'tsinde mwa phiri la kumeneko.

Mtengo mugwirizane musananyamuke, pamaso pa amfumu ngati n'kotheka. Funsani kuti ganyu wa tsiku lathunthu akupita pa zingati m'mudzimo, ndipo muwonjezerepo ndithu, chifukwa ganyu wakumunda safuna nzeru zimene iyeyu akubweretsa. Chakudya chake munyamule inu, mudyere pamodzi. Mukakhala gulu aliyense asonkhe, ndipo mukapitirira anthu 5 mutenge operekeza awiri, wina patsogolo, wina pambuyo.