Za ulendo wa ku Pattaya ndi banja, ndi mmene mzindawu wasinthira

Achimwene, mwafunsa ngati n'kwanzeru kuti mukamaliza kuoda katundu ku Pratunam mu Bangkok mutsikire ku Pattaya, mzinda wa m'mbali mwa nyanja ku Thailand, masiku angapo pamodzi ndi mayi a kunyumba ndi ana anu osinkhuka, popeza inu munafikako komaliza mu 2017 ndipo mukumva zosiyanasiyana, ena akuti malowa anafa ndi mliri wa Covid-19, ena akuti anaipiratu moti munthu wa banja lake sangapondeko. Yankho langa ndi lakuti pitani ndithu, koma mukagone ku Jomtien, kummwera kwa mzindawu, kapena ku Naklua, kumpoto kwake, masiku anu mukawathere kunyanja ndi kumalo oonako zinthu masana, ndipo Walking Street, msewu wotchuka wa mabala ndi malo ovinirako, mukaitenge ngati malo odutsapo kamodzi madzulo inu awiri akuluakulu, ana atatsala ku hotela.

Kuti mumvetse chimene chasintha, kumbukirani mmene mzindawu unayambira. Pattaya ili m'chigawo cha Chonburi, makilomita pafupifupi 150 kuchokera ku Bangkok, ndipo unali mudzi wa asodzi kufikira pamene asilikali a ku America anayamba kubwera kudzapumulako pa nthawi ya nkhondo ya ku Vietnam, makamaka amene anali pa bwalo la ndege la U-Tapao lomwe lili chapafupi. Mabala ndi mahotela anamangidwa potsata ndalama za asilikaliwo, ndipo iwo atachoka malo awo anatengedwa ndi amuna ochokera ku Ulaya ndi ku Australia, ambiri a iwo achikulire okhala miyezi ingapo. Malonda a usiku a mumzindawu anakhazikika pa munthu wa mtundu umenewu, wokhala pampando wa bala kuyambira madzulo mpaka pakati pa usiku, akugula mowa wake ndi wa amene akumuchezetsa. Munthu ameneyu adakalipo, koma masiku ano si iye amene akudzaza misewu, ndipo kusintha konse kumene mukumva kukuchokera pamenepa.

Mliri unagunda mzindawu koopsa. Mu 2019 dziko la Thailand linalandira alendo ochokera kunja pafupifupi 40 miliyoni, koma mu 2021 sanakwane ndi theka la miliyoni lomwe. Mabala anatsekedwa miyezi yambirimbiri, ena ankatsegula podzitcha malo odyera kuti apeze kangachepe, ndipo boma linawalola kutsegulanso mwalamulo mu Juni 2022. Pofika nthawi imeneyo eni mabala ang'onoang'ono ambiri anali atalephera lendi, antchito atabwerera kwawo kumidzi ya ku Isan kumpoto chakummawa kwa dzikolo, ndipo malo ena amene munali timabala tambiri pansi pa denga limodzi anagwetsedwa kuti pamangidwe mahotela ndi nyumba zosanja zogulitsa. Amene anapirira ndi amene anali ndi ndalama zambiri, ndipo n'chifukwa chake lero muona malo akuluakulu ovinirako, owala kwambiri ndiponso okwera mtengo, pamene kale panali timabala ta mipando khumi.

Alendo anabwerera, moti mu 2024 anafika pafupifupi 35 miliyoni m'dziko lonse, koma ndi anthu ena ndipo amawononga ndalama zawo mwanjira ina. Amwenye achuluka kwambiri chiyambireni kumapeto kwa 2023 pamene Thailand inawachotsera viza, ndipo pa Walking Street pali malo ovinirako angapo oimba nyimbo za kwawo zokhazokha, pamodzi ndi malo odyera a zakudya zawo m'misewu yoyandikana. Anthu a ku Russia anakhamukirako chiyambireni nkhondo ya ku Ukraine mu 2022, ambiri ali ndi mabanja awo, ndipo ku Jomtien ndi ku Pratumnak mupeza zikwangwani za m'chilankhulo chawo pa masitolo ndi pa malo ogulitsira mankhwala. Anthu a ku China, amene mu 2019 anali pafupifupi 11 miliyoni m'dziko lonse ndipo mwina mukukumbuka mabasi awo atandandalika m'misewu, sanabwererenso pa chiwerengero chimenecho, ndipo anachepanso mu 2025 nkhani itamveka ya Wang Xing, wochita zisudzo wa ku China amene ananyengedwa kuti wapeza ntchito ku Thailand n'kutengeredwa ku malo a akathyali ku Myanmar. Athai enieniwo nawonso amabwera ambiri kuchokera ku Bangkok Loweruka ndi Lamlungu, ndipo iwo amakonda malo odyera nsomba m'mbali mwa nyanja kuposa mabala.

Zotsatira zake mukaziona ndi maso pa Walking Street. Msewuwo amautseka madzulo kuti magalimoto asadutse, ndipo kuyambira cha m'ma 9 koloko umadzaza mpaka ku doko la Bali Hai, koma mukayima pambali kwa mphindi zochepa muona kuti anthu ambiri akungoyenda, foni m'mwamba, akujambula magetsi ndi zikwangwani, pamene m'bala limene lili pambali pawo muli mipando yopanda anthu ndipo atsikana atayima pakhomo atanyamula zikwangwani za mitengo ya mowa. Eni mabala amadandaula zimenezi chaka ndi chaka, kuti khamu lilipo koma ndalama palibe. Mwini bala akaona kuti ogula achepa pamene lendi yakwera, amakweza mtengo kwa ochepa amene alowa, ndipo anyamata oitanira anthu pamsewu amakakamira kwambiri kuposa kale. Azungu okhalitsa aja, poona mitengoyo, ambiri anasamukira ku Soi Buakhao ndi ku LK Metro, m'kati mwa mzinda kutali pang'ono ndi gombe, kumene mowa uli wotsikirapo. Choncho amene akuti Pattaya ya usiku inafa akulakwitsa. Inangomwazikana, ndipo gawo lotchuka lija lasanduka malo oonetsa alendo.

Mukalowa m'bala lililonse, funsani mtengo musanaitanitse. Chizolowezi cha kumeneko n'chakuti chakumwa chilichonse chikabwera amaika kapepala ka mtengo wake m'kakapu kamene kali patsogolo panu, ndipo ndi bwino kumayang'ana timapepalato nthawi yomweyo m'malo modikira pomaliza. Chakumwa chogulira wantchito wa m'balamo chimakhala chokwera mtengo kuposa chanu, ndipo belu limene limalendewera pamwamba pa kauntala musaligwire, chifukwa kuliliza kumatanthauza kuti mwagulira mowa aliyense. Munthu akakuitanirani ku chionetsero cha m'chipinda chapamwamba n'kunena kuti kulowa n'kwaulere, mukane mwaulemu n'kupitiriza ulendo, popeza mikangano yambiri ya mabilu imayambira kumeneko. Nambala ya apolisi othandiza alendo ndi 1155, ndipo amayankha m'Chingerezi. Ndiwonjezerepo kuti mukalowa m'malo ovinirako otsekedwa mbali zonse, muziona kaye kumene kuli khomo lotulukira. Mu Ogasiti 2022 moto unabuka pa malo otchedwa Mountain B ku Sattahip, m'chigawo chomwechi, ndipo unapha anthu oposa 20.

Pali chifukwa china chimene ndikunenera kuti ana asapite kumeneko, ndipo si phokoso lokha. Malonda a thupi ndi oletsedwa ku Thailand pansi pa lamulo la 1996, komabe amachitika poyera m'madera monga Soi 6 ndi m'mbali mwa Beach Road usiku. Amayi ambiri ogwira ntchito m'mabalamo ndi ana a alimi osauka amene amatumiza ndalama kwa makolo ndi ana awo kumudzi, ndipo zimandipweteka kuona alendo akuwajambula ngati zinthu zoonetsa, ena n'kumaika zithunzizo pa Facebook. Musawajambule, ndipo ana anu asaphunzire kuti umphawi wa munthu ndi chinthu chokaonerera pa tchuthi. Ngati mukufuna chionetsero cha madzulo choti nonse mukhale pansi mwaulemu, pali Tiffany's Show imene inayamba mu 1974 ndi Alcazar, koma dziwiranitu kuti ovina ake ndi anthu amene anabadwa amuna n'kukhala moyo wa akazi, kotero mukambirane kaye ndi mayi ngati zimenezo zili zoyenera banja lanu.

Malamulo asintha kangapo chichokereni inu, ndipo apa ndi pamene mlendo amagwera m'mavuto mosadziwa. Kuyambira pa 15 Disembala 2023 malo azisangalalo ovomerezeka ku Chonburi, Bangkok, Phuket, Chiang Mai ndi Koh Samui analoledwa kutseka 4 koloko m'mawa, kotero hotela yoyandikana ndi Walking Street kapena Soi Buakhao siikupatsani tulo ngakhale itatsika mtengo bwanji. Chamba anachichotsa pa mndandanda wa mankhwala oletsedwa mu Juni 2022, ndipo masitolo a chizindikiro cha tsamba lobiriwira anabuka paliponse, koma mu Juni 2025 boma linalamula kuti wogula azikhala ndi chikalata cha dokotala. Masitolowo mukawaona otsegula musaganize kuti zonse n'zololedwa, ndipo chilichonse chochokera mmenemo chisalowe m'chikwama chobwera nacho kumudzi. Fodya wamagetsi ndi woletsedwa ku Thailand ngakhale anthu amamugulitsa mobisa, kusuta pa gombe la Pattaya ndi la Jomtien kunaletsedwa mu 2018, ndipo mowa sagulitsa kwa munthu wosakwana zaka 20. Pa masiku opatulika a Abuda monga Makha Bucha ndi Visakha Bucha masitolo sagulitsa mowa. Ana muwauzenso kuti asanene kapena kulemba mawu onyoza banja lachifumu, chifukwa chilango chake ndi zaka zitatu mpaka 15 m'ndende.

Mbali yabwino ya kusinthaku ndi imene ikukukhudzani inu. Akuluakulu a mzindawu akhala akuyesetsa kukopa mabanja, ndipo ngakhale sanafufute mbiri yakale, masana a ku Pattaya ndi abwino kuposa mmene munawasiyira. Gombe lalikulu, limene madzi anali atalidya mpaka kutsala kamzere, analithira mchenga watsopano ndipo latambasuka, ndipo ntchito yomweyo inachitikanso ku Jomtien. Msika waukulu wamakono wa Terminal 21 unatsegulidwa mu 2018 kumpoto kwa mzinda, ndipo malo ake odyera ali m'gulu la otsika mtengo kwambiri. Ku Naklua kuli Sanctuary of Truth, nyumba yaikulu yamatabwa okhaokha yosemedwa paliponse, imene anayamba kuimanga mu 1981 ndipo amisiri akusemabe mpaka lero alendo akuona. Munda wa Nong Nooch, kummwera kwa mzinda, umafuna theka la tsiku. Ngati ana amakonda madzi, kuli Ramayana Water Park ndi Columbia Pictures Aquaverse cha kummwera komweko.

Madzi oti musambe ndi mtima wonse mukawapeza pa chilumba cha Koh Larn. Kwerani boti lalikulu la anthu onse pa doko la Bali Hai m'mawa, limene limatenga mphindi pafupifupi 45 ndipo mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi maboti othamanga amene anyamata a pagombe angakuitanireni, ndipo mupite pakati pa sabata pamene anthu a ku Bangkok ali kuntchito. Tinjinga ta pamadzi tobwereketsa tija musatikwere, chifukwa madandaulo akuti mlendo akabweza amamuonetsa mng'alu wakale n'kumulipiritsa ndi akalekale. Pasipoti yanu musaisiye kwa aliyense ngati chikole, ndipo njinga yamoto musabwereke ngati mulibe laisensi yake, popeza inshuwalansi siilipira ngozi yotero.

Mumzinda muziyenda pa timagalimoto ta buluu ta mabenchi awiri kumbuyo totchedwa songthaew, tofanana ndi matola a kwathu. Mumangoimitsa n'kukwera osafunsa kanthu, mukafika mumadina belu la padenga, n'kutsika kukapereka ndalama kwa dalaivala pa zenera, ndipo kwa zaka zambiri mtengo wake unali 10 baht (ndalama ya ku Thailand) pa munthu. Mukayamba ndi kumufunsa dalaivala ngati akupita kwakutikwakuti, amaona ngati mwachita hayala galimoto yonse ndipo mtengo umakwera kangapo. Usiku gwiritsani ntchito Grab kapena Bolt, mapulogalamu oitanira galimoto amene amaonetseratu mtengo pa foni. Kuchokera ku Bangkok mabasi amanyamukira ku Ekkamai ndi ku Mo Chit, ndipo ulendo wake ndi wa maola awiri kapena kuposerapo pang'ono. Pobwerera simufunika kulowanso mu Bangkok, chifukwa pali basi yochokera ku Jomtien yolunjika ku bwalo la ndege la Suvarnabhumi.

Pa nkhani ya ndalama, musawerengere zimene munawononga mu 2017. Mitengo ya mahotela ndi zakudya yakwera, ndipo kwacha yathu inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kotero ndalama ya tchuthi muipatuliretu kuti isadye mpamba wa katundu. Kuyambira Novembala mpaka Febuluwale nyengo ndi yabwino koma mitengo imakhala pamwamba, pamene kuyambira Meyi mpaka Okutobala kumagwa mvula ndipo mahotela amatsitsa kwambiri. Pakati pa Epulo pewani ngati simukufuna kunyowa, chifukwa chikondwerero chothirana madzi cha Songkran chimapitirira ku Pattaya mpaka pa 19. Okhala ndi pasipoti ya Malawi amafunika viza, imene tsopano imapemphedwa pa intaneti, ndipo kuyambira pa 1 Meyi 2025 mlendo aliyense, ngakhale mwana, amadzaza fomu ya pa intaneti yotchedwa TDAC m'masiku atatu asanafike. Fomuyo ndi yaulere pa tsamba la boma, kotero tsamba lililonse lokupemphani ndalama kuti muidzaze mulisiye.