Ana anga safuna kutuluka panja, nditani?

Azakhali,
Ndili ndi ana awiri, mtsikana wa zaka 6 ndi mnyamata wa zaka 10. Akangoweruka ku sukulu basi ndi pa TV kapena pa foni yanga mpaka mdima, ndikati tapitani panja mukasewere amangoti kulibe chochita. Tsiku lomwe wamkuluyo watuluka nde kumakagenda mbalame ndi legeni, dzana wabwera ndi chisa chonse cha mazira m'manja akumwetulira. Ndakalipa mpaka ndatopa. Nditani kuti azikonda panja komanso asamawononge zachilengedwe?
Mayi wodandaula

Zikomo mayi. Ndiyambe ndikufunsani kaye, mukamati tulukani inuyo mumakhala muli pati? Ambirife timalankhula zimenezi tili phee pampando foni ili m'manja, nde mwana amaona ngati panja nkumene amathamangitsirako anthu osokosa, zokoma zonse zatsala mnyumba. Tulukani nawo, olo mphindi 20 zokha madzulo, foni muisiye pa tebulo. Masiku oyamba adzanyinyirika ndithu, musagonje.

Ndipo si nkhani yongofuna kuti mnyumba mukhale bata ayi. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati mwana wa zaka 5 mpaka 17 azithamanga, kudumpha kapena kusewera mpaka thukuta kwa mphindi zosachepera 60 tsiku lililonse. Dzuwa likamawomba khungu thupi limapanga vitamini D yemwe amalimbitsa mafupa. Koma chomwe makolo ambiri sadziwa ndi cha maso, mwana amene amangokhala mnyumba kuyang'ana zinthu zapafupi diso lake limatha kutalika mopitirira pamene likukula ndipo mapeto ake amayamba kuona mwachimbuuzi zinthu zakutali, pa bolodi osaona bwino, magalasi akadali wamng'ono. Kuwala kwa panja kumachepetsa vutoli, moti ku Taiwan kuyambira 2010 sukulu zimalimbikitsidwa kutulutsa ana panja mphindi 120 patsiku chifukwa cha maso omwewa.

Tsopano za mnyamata wa legeniyu, ine sindikumuona ngati mwana woipa. Kupeza chisa si masewera, pamafunika maso akuthwa ndi kudekha, ndiye chidwi ali nacho kale kungoti sadziwa chochita nacho kupatula kugwira. Mmalo momukalipira mfunseni kuti chisa china chili pati, mupite naye, muime chapatali osakhudza. Mpatseni kope azilemba tsiku lililonse zomwe waona. Mbalame zing'onozing'ono zambiri zimaswa mazira pakatha pafupifupi masabata awiri, ndipo mwanayo akadzaona mbalamezo zikupita ndi kubwera ndi timbozi kukamwa kudyetsa tiana tosamera nthenga, mudzamva yekha akuletsa anzake kugenda mtengo umenewo chifukwa chisacho chasanduka chake. Apa mpomwe mungamuuze kuti mbalame zomwezi nzimene zimadya tizilombo towononga mbewu, adzamva. Mukayamba ndi ulaliki sangamve.

Wamng'onoyo mpezereni chitini, boolani pansi, athiremo dothi yekha ndi kubzala mbewu iliyonse yomera msanga, kuthirira ikhale ntchito yake. Ikauma musamuthirire mobisa, aone kuti yauma chifukwa anaiwala, abzale ina. Akakumba nkupeza nyongolotsi musakuwe kuti eee taya taya zonyansa, muuzeni kuti imafewetsa dothi kuti mpweya ndi madzi zilowe. Ana ambiri mantha ndi nseru pa tizilombo amatengera kwa ife akuluakulu.

Zovala zidzada, zimenezo ingovomerezani, sankhani zakutha zikhale zosewerera basi. Malamulo akhale ochepa koma osasintha: nsapato kuphazi akamalowa mu udzu wautali, dzanja lisalowe mu una kapena pansi pa mwala, kumtsinje kapena kudamu osapita popanda wamkulu, ndipo akabwera asambe m'manja ndi sopo.

Chinanso, TV musaizimitse mwaukali nkumati chilango chake panja. Ingoikani nthawi yodziwika, makatuni akubwera pambuyo posewera. Ndipo mukamayenda nawo tengani kathumba kotoleramo mapepala ndi mabotolo a pulasitiki, koma konzekani, tsiku lomwe inuyo mudzaponye botolo pawindo la galimoto wa zaka 6 uja adzakufunsani pagulu.