Galu wanga wasiya kubweza mpira, nditani?

Mayi wina wa ku Santhe m'boma la Kasungu wanditumizira imelo. Akuti galu wawo wachikuda wa miyezi 8 poyamba ankatola mpira mosangalala, koma pano amathamangira kawiri basi n'kukagona pansi pa mtengo wa mango, ndipo nthawi zina amautola n'kuthawa nawo.

Mayi, galu wanuyo si waulesi. Chamugwetsa ulesi n'kubwerezabwereza: mpira womwewo, bwalo lomwelo, tsiku ndi tsiku. Agalu ngati Labrador anawetedwa kuti azitolera alenje mbalame, n'chifukwa chake kubweza kuli m'magazi mwawo. Wachikuda amafuna aone phindu lake kaye.

Choyamba, muzisiya masewerawa iye akadafunabe. Mphindi 5 zakwana. Mukaponya katatu n'kubweza bwino, bisani mpirawo mpaka madzulo. Ndikudziwa kuti kuleka zinthu zikukoma n'kovuta, koma galu amene wasiyidwa mchira ukugwedezeka mawa amabwera yekha kudzapempha.

Akathawa nawo, chonde musamuthamangitse. Kwa iye kuthamangitsana kumakoma kuposa kubweza, ndiye mumakhala mukumuphunzitsa kuthawa. Khalani ndi zoseweretsa ziwiri. Akatola choyamba, muonetseni chachiwiri uku mukubwerera m'mbuyo ndi kumuitana dzina. Akafika n'kulavula, mupatseni kabonya kapena kachidutswa ka chiwindi chophika nthawi yomweyo, kenako ponyani chinacho. Akakanikabe, mumangeni chingwe chachitali cha mamita ngati 10 kuti muzimukoka pang'onopang'ono. Kumenya ayi. Galu womenyedwa akabwera kwa inu amaphunzira kuti kubwera n'koopsa.

Zosintha n'zambiri, bola muzisintha chimodzi pa nthawi. Lero chingwe chokhuthala chomanga mfundo, mawa nsanza yokulunga molimba. Lero pabwalo, mawa kudambo. Chimene ndimachikonda kwambiri n'kubisa: wina amugwire, inu mukaike choseweretsa m'udzu iye akuona, mubwere n'kumuuza kuti "saka". Akazolowera, muzibisa asakuona, kumbuyo kwa nkhokwe kapena pansi pa dengu. Mphuno ya galu ndi yamphamvu kutalitali kuposa yathu, ndipo kununkhiza kumamukhutiritsa kuposa kungothamanga. Ana a pakhomo angathandize, koma onse azigwiritsa mawu amodzimodzi.

Musamuponyere chitsononkho. Akameza chidutswa sichigayika, chimatseka matumbo ndipo galu akhoza kufa ngati sachitidwa opaleshoni. Timitengo nato timabaya kukhosi. Poti kwanuko n'kwa fodya, musasewere naye pafupi ndi chigafa, chifukwa masamba a fodya ali ndi nikotini amene ndi poizoni kwa galu akatafuna.

Miyezi ya October ndi November muzichita izi m'mamawa kapena dzuwa litapendeka, madzi ali pambali, popeza galu amadziziziritsa makamaka ndi wefuwefu. Ngati wasiya kusewera mwadzidzidzi ndipo akukananso chakudya, muyang'aneni m'kamwa ndi m'mapazi, muonenso ngati ali ndi nkhupakupa, kenako mukaonane ndi alangizi a ziweto. Pomwepo mufunsenso za katemera wa chiwewe ngati sanabayidwe.