Mont-Saint-Michel: nyumba ya amonke kapena ndende?

Mayi wina wandilembera imelo kuti akupita ku France kukaona mwana wawo, ndipo mwanayo walonjeza kuti adzawatengera ku Mont-Saint-Michel, ku Normandy. Iwo ankayembekezera ulendo wa kumalo opatulika, koma mnzawo wawafooketsa kuti kumeneko kunali ndende, ndipo lero kwangotsala malonda ndi anthu ojambula zithunzi. Akufunsa kuti: kodi akapezako mapemphero, kapena akangotopa pachabe?

Mayi, mnzanuyo sananame, kungoti nkhaniyo waiyambira pakati. Pitani ndithu. Ndipo za ndendezo musaziope, chifukwa ine ndimaona kuti pakanapanda ndende, mwina lero pakanakhala palibe choti mukaone.

Malowa ndi thanthwe lalikulu lotumphuka m'mbali mwa nyanja. Mbiri ya makolo a kumeneko imati m'chaka cha 708 Aubert, episkopi wa ku Avranches, anamangapo kachalitchi atauzidwa m'maloto ndi mngelo wamkulu Mikayeli. Amonke a chipani cha Benedikito anakhazikikapo mu 966, atabwera nawo Richard I, wolamulira Normandy. Popeza pamwamba pa thanthwe malo ndi ochepa, iwo ankamanga mosanjikiza: zipinda zapansi ndi zimene zanyamula tchalitchi chapamwamba. Gawo lotchedwa La Merveille, lomangidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1200, lili ndi nsanjika zitatu. Pansi ankalandirira amphawi ndi kusungira chakudya, pakati ankalandirira alendo olemekezeka, pamwamba penipeni mpamene amonke ankadyera ndi kusinkhasinkha. Mukamakwera, dziwani kuti mukudutsa mmene anthu a nthawiyo ankasanjirana ulemu.

Kenako kunabwera nkhondo yaitali ya pakati pa France ndi England, ndipo nyumba ya mapemphero inasanduka linga. Angelezi anaizinga koma sanailande. Mu 1434 anathawa n'kusiya mizinga yawo, ndipo iwiri mukaipeza pafupi ndi chipata cholowera m'mudzi. Ambiri amangoidutsa akuthamangira m'masitolo.

Tsopano za ndende. Mafumu a France anali atayamba kale kutsekerako anthu ena, koma zinthu zinasinthiratu pa nthawi imene anthu a ku France anaukira ufumu wawo. Amonke omaliza anachoka mu 1791, ndipo mu 1793 m'nyumbamo munatsekeredwa ansembe okana kulumbirira boma latsopano. Inakhala ndende mpaka 1863, pamene Napoleon III, wolamulira France, anaitseka. Anthu pafupifupi 14,000 anadutsamo, kuphatikizapo andale otchuka monga Armand Barbès ndi Auguste Blanqui. M'tchalitchi momwemo anaikamo malo ogwirira ntchito akaidi, oluka zipewa za udzu, ndipo mu 1834 moto unabuka n'kuwononga denga.

Pali chinthu chimodzi cha nthawi imeneyo chimene ndikupempha kuti mukaime n'kuchiyang'anitsitsa. M'chipinda china chapansi muli chigudumu chachikulu chamatabwa, chachitali kuposa munthu. Akaidi ankalowa m'kati mwake n'kumayenda, chigudumucho n'kumazungulira, chingwe n'kumakoka katundu kuchokera pansi pa thanthwe kudzera pa njira yotsetsereka yamiyala. Mukasuzumira pabowo pamene katunduyo ankalowera, muona kutalika kwake, miyendo ichita kuzizira. Alendo ambiri amaganiza kuti n'cha amonke akale, koma ayi, chinaikidwa cha m'ma 1820, nyumbayo ili ndende.

Nanga bwanji ndikuti ndende inapulumutsa malowa, pamene inawawononga chonchi? Taonani zimene zinachitikira Cluny, ku Burgundy, ku France komweko. Tchalitchi cha amonke a kumeneko chinali chachikulu kuposa matchalitchi onse a kumadzulo kwa Ulaya kufikira pamene anamanganso cha Petulo Woyera ku Rome. Chinagulitsidwa mu 1798, ogulawo n'kuyamba kuchigumula ndi kugulitsa miyala yake, moti lero kwatsala kachigawo kochepa chabe. Mont-Saint-Michel sinagulitsidwe chifukwa boma linali nayo ntchito. Ntchito yake inali yonyansa, komabe makoma anakhalabe chilili kufikira pamene olemba mabuku monga Victor Hugo anayamba kudandaula za kuwonongeka kwake. Mu 1874 boma linaiika m'gulu la nyumba zotetezedwa ndipo kukonza kunayamba. Ngakhale nsonga yaitali ija imene imaoneka pazithunzi, yokhala ndi chifanizo cha Mikayeli pamwamba, si yakale monga mmene ikuonekera: ndi ya mu 1897.

Za mapemphero, mukawapeza. Amonke anabwererako mu 1966 pokumbukira zaka 1,000 chikhazikitsireni nyumbayi, ndipo kuyambira 2001 kumakhala abale ndi alongo a gulu lachikatolika lotchedwa Fraternités monastiques de Jérusalem, amene amatsogolera mapemphero ndi Misa m'tchalitchi chapamwamba. Nyumbayo ndi ya boma, iwo amangokhalamo, choncho oyendera malo amagula tikiti. Muuzeni mwana wanu aone nthawi ya Misa musananyamuke, kuti ulendo wonse muukonze motsatira nthawiyo.

Pa za malonda mnzanuyo akunena zoona. UNESCO, nthambi ya bungwe la United Nations, inalemba malowa pa mndandanda wa malo ofunika kwa dziko lonse lapansi mu 1979, ndipo anthu mamiliyoni amafikako chaka chilichonse. Kamsewu kokwera m'mudzi n'kopanikiza, masana m'nyengo yotentha mumachita kukankhana. Lawirani m'mawa kapena fikani chakumadzulo. Galimoto mumasiya kumtunda, n'kukwera basi yodutsa pa mlatho umene unatsegulidwa mu 2014. Masitepe ndi ambiri, mazanamazana, ndiye valani nsapato zafulati ndipo muzipuma m'njira. Mchenga wozungulira thanthwelo musayendepo popanda wokutsogolerani wodziwa malowo: pena umatitimira, ndipo madzi a nyanja akamabwerera amabwera mothamanga.