Kodi kochi Aguirre anasewerapo mpira?

Funso: Akulu, tithandizeni. Tinakangana ndi anzanga ku bawo za Javier Aguirre kochi wa Mexico uja, iwo akuti munthuyu mpira sanausewerepo, angokhala katswiri wolongolola pa benchi basi. Zoona zake ndi ziti? Wowerenga wanu, ku Ndirande.

Yankho: Achimwene, anzanuwo akawauze kuti aphonya. Aguirre mpira anaumenya, ndipo anali osewera pakati, mtundu wa aja othamanga gemu yonse osatopa. Anabadwa mu 1958 ku Mexico City, makolo ake anachokera ku dera la ma Basque ku Spain, nchifukwa chake kwawoko amangomuti El Vasco. Anasewera ku Club América, Atlante, kenako Osasuna ya ku Spain komwe anathyoka mwendo, nkubwerera kwawo kukamaliza ku Guadalajara.

Umboni waukulu ndi World Cup ya 1986 yomwe inachitikira kwawo komweko. Chigoli cha Manuel Negrete chomwe anachinya Bulgaria atadumpha m'malere, chomwe mpaka lero anthu amachionerabe pa YouTube, mpira womaliza anampatsa ndi Aguirre. Koma mu kotafainolo ndi West Germany anapatsidwa khadi lofiira mu nthawi yoonjezera, gemu inathera 0-0 ndipo Mexico inatuluka pa mapenate.

Za ukochi ndiye ine ndimamupatsa ulemu, chifukwa munthuyu amamuitana nyumba ikamapsa. Mu 2001 Mexico inali pafupi kulephera kupita ku World Cup, anamuitana, anapita nayo. Mu 2009 zomwezo, anamuitananso. Inu amene munaonera gemu yotsegulira World Cup ya 2010 ku Johannesburg, Tshabalala atatulutsa mzinga uja ife tonse nkumakuwa ngati timu ndi yathu, amene anali pa benchi ya Mexico ndi yemweyu, ndipo Rafael Márquez yemwe anabweza chigolicho anadzakhala womuthandiza wake Aguirre atabweranso kachitatu ku timu ya Mexico mu 2024.

Osasuna, timu yopanda ndalama zambiri, anaifikitsa mu fainolo ya Copa del Rey mu 2005, chaka chotsatira nkumaliza pa nambala 4 mu La Liga, zinthu zoti ngakhale masapota ake sankazilota. Mallorca nayo anaifikitsa mu fainolo mu 2024, inagonja kwa Athletic Bilbao pa mapenate.

Sikuti zonse zinamuyendera ayi. Ku World Cup ya 2002 USA inamutulutsa 2-0 mu ndime ya matimu 16, bala loti ku Mexico silinapolebe. Ali kochi wa timu ya Egypt ndiye zinavuta kwambiri, AFCON ya 2019 pakwawo penipeni, Salah ali m'bwalo, Bafana inawathira 1-0 ku Cairo chigoli cha Thembinkosi Lorch, ntchito inathera pomwepo.

Ndiye mukakumana nawo anzanuwo pa bawo, aonetseni chigoli cha Negrete pa foni, ayang'anitsitse amene akumubwezera mpirawo.