Mafunso Anu: Bizinesi Yosamutsa Katundu wa M'nyumba

Mwezi uno talandira makalata angapo ochokera kwa owerenga amene akufuna kuyamba, kapena angoyamba kumene, ntchito yonyamulira anthu katundu wa m'nyumba pamene akusamuka. Tasankhapo anayi, ndipo ena tawafupikitsa.

Funso: Akonzi, ndine bambo wa zaka 46 ndipo ndangosiya ntchito ya udalaivala imene ndaigwira kwa zaka zambiri. Ndalama zimene ndalandira ndikufuna kugulira kalole kakang'ono kuti ndizisamutsira anthu katundu, koma mkazi wanga akuti ndisathamange. Kodi ndigule galimoto yotani, ndipo n'chiyani china chimene ndiyenera kukhala nacho ndisanayambe?

Yankho: Bambo, mayi akunyumba akunena zoona, ndipo pa nkhaniyi ine ndili kumbali yawo. Luso lanu loyendetsa galimoto ndi chuma ndithu, koma pa ntchito yosamutsa anthu, nthawi imene galimoto imakhala pamsewu ndi yochepa poyerekeza ndi nthawi yolongedza, yonyamula, yopakira ndi yotsitsa. Munthu amene wakuitanani akuika m'manja mwanu zinthu zimene wakhala akusonkhanitsa kwa zaka zambiri, kuyambira bedi limene amagonapo mpaka mbale zimene anasiyiridwa ndi malemu mayi ake, ndipo chimene adzakumbukire za inu ndi mmene zinthuzo zinafikira ku nyumba yatsopano. Choncho musanagule kanthu, yambani mwaigwirako ntchitoyi ndi manja anu. Pezani anthu amene akusamutsa kale katundu mugwire nawo kwa milungu ingapo, kapena pa maulendo anu oyambirira muzichita hayala galimoto ya munthu wina. Phindu lidzakhala lochepa, koma mudzadziwa kuchuluka kwa katundu amene mabanja ambiri amakhala naye, ndiponso ngati tinjira tolowera m'makomo mwawo timalola galimoto yaikulu. Mudzaonanso kuti ntchito imachuluka kumapeto kwa mwezi, pamene anthu ochita lendi amatuluka m'nyumba, ndiponso kumathero a sabata, koma pakati pa mwezi galimoto ikhoza kutha masiku angapo itangoima pabwalo. Walira mvula walira matope: galimoto yanuyanu ikaima, inshuwalansi yake ndi ziphaso zake zimangopitirira kutha.

Nthawi yogula ikakwana, yang'anani manambala awiri. Yoyamba ndi kulemera. Mapepala a galimoto, komanso kachitsulo kolembedwa kamene kamakhomedwa pa galimotoyo, zimasonyeza kulemera kumene siyenera kupitirira ikadzaza. Pa nambala imeneyo muchotsepo kulemera kwa galimoto yopanda kanthu, ndipo chotsalacho ndicho mungakweze. Tiyerekeze kuti malire ndi makilogalamu 3,500 ndipo galimoto payokha imalemera makilogalamu 2,200: mwatsala ndi makilogalamu 1,300, ndipo m'menemo muwerengeremo inuyo ndi anthu okuthandizani, amene mukakhala atatu mungakwane makilogalamu 200 kapena kupitirira. Nambala ya 3,500 ndaitchula dala, chifukwa m'mayiko ambiri laisensi wamba ya galimoto zing'onozing'ono imalekezera pamenepo, ndipo galimoto yoposa apo imafuna dalaivala wa laisensi yapamwamba. Inu mwina muli nayo kale, koma ganizirani za tsiku limene mudzadwale n'kufuna wina woti akugwirireni chiwongolero.

Nambala yachiwiri ndi kukula kwa malo opakira, ndipo pa katundu wa m'nyumba imeneyi ndiyo imavuta kawirikawiri, chifukwa masofa, matiresi ndi makabati zimadzaza galimoto isanayambe n'komwe kulemedwa. Tengani tepi muyeze nokha. Malo a mamita 3 m'litali, 1.7 m'lifupi ndi 1.8 kupita m'mwamba ndi makiyubiki mita 9 ndi pang'ono, ndipo mukazolowera kuwerenga motere mudzatha kulowa m'nyumba ya munthu n'kudziwa ngati katundu wake akufuna ulendo umodzi kapena iwiri. Ngati mpamba ukulola, sankhani galimoto yotseka pamwamba ndi m'mbali. Yosatseka imatchipa, koma lona likang'ambika pakona mvula ili mkati, matiresi a eni ake amamwa madzi ndipo palibe chimene mungawauze.

Musathere ndalama zonse pa galimoto. Pakufunika mabulangete ochindikala ambiri okutira mipando, malamba aakulu omangira okhala ndi chokungira chachitsulo, kangolo ka matayala awiri kokankhira zinthu zolemera, masipanala omasulira mabedi, magolovesi, makatoni olimba, tepi yomatira ndi cholembera cha inki yosafufutika. Za malambazi ndimazinena ndi mtima wonse. Ulendo wina ndikusamuka, anyamata amene ananyamula katundu wathu anamanga kabati ndi chingwe chopyapyala cha nailoni, opanda ngakhale kansalu pansi pake. Galimoto ikagwedera chingwecho chinkacheka thabwa pang'onopang'ono, ndipo pofika tinapeza mizere iwiri yakuya m'mphepete mwa chitseko, utoto utachoka n'kuoneka thabwa loyera. Kabatiyo ndikadali nayo, ndipo anyamatawo sindinawaitanenso kapena kuwatchula kwa mnzanga aliyense.

Pomaliza pali mapepala. Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, choncho pitani nokha ku ofesi yolembetsa mabizinesi, ya msonkho ndi yoona za pamsewu, mukafunse chilolezo chimene chimafunika kwa munthu wonyamula katundu wa ena molipiritsa. Ku kampani ya inshuwalansi mukanene mosabisa ntchito imene galimotoyo izigwira, pakuti inshuwalansi ya galimoto yoyendera pawekha ikhoza kukana kulipira ngozi ikachitika muli pa bizinesi. Dziwaninso kuti inshuwalansi ya third party imalipira anthu ena amene mwawavulaza kapena kuwawonongera zinthu pamsewu, koma kawirikawiri siikhudza katundu amene mwanyamula. Katunduyo ali ndi inshuwalansi yakeyake, imene makampani amaitchula kuti goods in transit, ndipo mufunsitse malire a ndalama zimene imalipira komanso zinthu zimene imazikana.

Funso: Akonzi, ine ndi mchimwene wanga tili ndi pikapu ndipo takhala tikusamutsa anthu kwa miyezi isanu ndi umodzi. Ntchito timaipeza, koma mwezi ukatha ndalama sizioneka, ndipo galimoto ikawonongeka timachita kukongola. Mtengo timautchula pafoni munthu akatiuza kumene akupita. Kodi tikulakwitsa pati?

Yankho: Chemwali, mwayankha kale nokha pamene mwati mtengo mumautchula pafoni. Munthu amene akusamuka sadziwa kuchuluka kwa katundu wake, ndipo sikuti amanama dala: amakumbukira mipando ndi mabedi, n'kuiwala makatoni a mabuku, miphika ya maluwa, njinga za ana ndi zonse zimene zili m'chipinda chosungiramo zinthu. Muzipita kukaona katunduyo musanatchule mtengo, ndipo ngati kuli kutali mupempheni ajambule vidiyo ya chipinda chilichonse atatsekula makabati. Mufunsenso za nyumba zonse ziwiri: kodi pali masitepe, galimoto ingaime pafupi ndi khomo kapena katundu adzayenda pamapewa mtunda wautali, nanga sofa yaikuluyo idzalowa pakhomo la nyumba yatsopano?

Chachiwiri, ndikukayika ngati mumawerengera mtunda wonse. Munthu akati akusamukira pa mtunda wa makilomita 20, galimoto yanu imayamba yayenda mwina makilomita 10 kuchoka kwanu kukafika kwa iye, kenako 20 amenewo, kenako mwina 25 kubwerera kwanu ilibe kanthu. Amenewo ndi makilomita 55, ndipo mafuta ake onse ayenera kuchokera mu mtengo umene mwatchula. Katundu akafuna maulendo awiri, mtunda wa pakatiwo mumauyenda katatu.

Pamwamba pa mafuta muikepo malipiro a okuthandizani, makatoni ndi tepi, gawo la inshuwalansi ndi ziphaso za pachaka, ndiponso ndalama ya kutha kwa galimoto. Yomalizayi ndiyo anthu ambiri amaiiwala, chifukwa tayala silitha tsiku limodzi ndipo mabuleki salira pa ulendo woyamba, komabe kilomita iliyonse imadyako pang'ono. Werengani zimene munawononga pokonzetsa galimoto m'miyezi isanu ndi umodziyi, muzigawe ndi makilomita amene mwayenda, ndipo mudzapeza ndalama yoyenera kupatula pa kilomita iliyonse. Ndalama imeneyo izikhala pa akaunti yapadera imene inu kapena achimwene anu simuikhudza pa zofuna za pakhomo. Inu awiri mudziikirenso malipiro okhazikika, chifukwa bizinesi ya pachibale imene aliyense amangopisa dzanja m'thumba limodzi imatha mpamba, ndipo nthawi zina imathetsa ndi chibale chomwe.

Mtengo mukagwirizana muulembe, ngakhale pa uthenga wa pafoni, pamodzi ndi tsiku, nthawi, malo onse awiri ndi zimene zili mkati mwa mtengowo. Mulembenso kuti katundu wowonjezera, kapena kudikira maola ambiri chifukwa makiyi a nyumba yatsopano sanapezeke, zidzakhala ndi mtengo wake. Kupempha gawo la ndalama pasadakhale kuti musunge tsikulo si chipongwe, makamaka kumapeto kwa mwezi pamene mukukana anthu ena chifukwa cha iyeyo. Adzakhalapo makasitomala amene adzathawire kwa wotchipa, ndipo muwalole apite, pakuti ulendo umene sukubweza ngakhale ndalama ya matayala ndi wongokutayitsani nthawi.

Funso: Akonzi, sabata yatha ndinanyamula firiji ya kasitomala itagona chifukwa inali yaitali. Titangofika iye anailumikiza kumagetsi, ndipo tsopano akuti siikuziziritsa ndipo ndimugulire ina. Ine ndikuganiza kuti mwina inali yowonongeka kale. Kodi ndilipire?

Yankho: Achimwene, vuto lanu ndi lakuti mawu akuti "mwina" simungawatsimikizire, chifukwa simunaiyese firijiyo musanainyamule. Kumbuyo kwa firiji, chapansi, kuli kompuresa yokhala ndi oilo. Firiji ikagona oiloyo amatha kuyenderera m'timapaipi ta mpweya woziziritsa, ndipo ikayatsidwa oiloyo asanabwerere, timapaipito tikhoza kutsekeka kapena kompuresa ikhoza kuwonongeka. N'chifukwa chake firiji imayenera kuyenda itaimirira, ndipo ikafika iime kwa maola angapo isanayatsidwe. Ngati sikunatheke kuinyamula choimirira, iime tsiku lathunthu, maola 24. Kuuza kasitomala zimenezi unali udindo wanu, popeza inu ndinu mwini ntchito.

Malangizo anga ndi akuti musakangane naye. Itanani katswiri wokonza mafiriji amene nonse awiri mukumukhulupirira, mumulipire inuyo, ndipo akapeza kuti vuto labwera chifukwa cha kanyamulidwe, mulipire zokonzetsa. Nthawi zambiri kukonza kumatchipa kuposa kugula yatsopano, ndipo kasitomala amene waona kuti simunathawe amafewa mtima.

Kuyambira tsopano, zinthu zamagetsi muziziyatsa mwini wake akuona musanazichotse pamalo pake. Muzilemba mndandanda wa katundu yense, kujambula zithunzi za paliponse pamene pali kale mng'alu kapena pokandika, ndipo nonse musayine musananyamuke komanso mukamaliza kutsitsa. Mugwirizanenso za makatoni amene mwini wake walongedza yekha, poti simungayankhe mlandu wa kapu imene simunaione ikulowa. Ndalama, ziphaso, mankhwala, mafoni ndi zodzikongoletsera zamtengo wapatali azinyamula yekha, ndipo mafuta a petulo, parafini ndi zinthu zina zosachedwa kuyaka zisamakwere pamodzi ndi katundu.

Palinso zinthu zina zosachedwa kuwonongeka. Makina ochapira zovala achotsedwe madzi, ndipo mgolo wake wa mkati umangidwe ndi mabawuti amene anabwera nawo pogula, kuti usamamenye m'mbali galimoto ikamadumpha. TV yopyapyala, magalasi ndi zithunzi za m'mafelemu ziziyenda choimirira, zitakutidwa, zitapanikizidwa pakati pa zinthu zofewa. Mbale zadothi zikulungidwe imodziimodzi ndi kuikidwa chammbali m'katoni, osati kusanjikizana chogona. Mabuku alowe m'makatoni ang'onoang'ono, chifukwa katoni yaikulu yodzaza mabuku imabooka pansi kapena kuthyola munthu msana. Popakira, zolemera ziyambe kulowa, zikhale pansi ndiponso kutsogolo pafupi ndi kumene kumakhala dalaivala, kulemera kufanane mbali zonse ziwiri, ndipo mzere uliwonse umangidwe musanayambe wina. Mabawuti a bedi lililonse muwaike m'kathumba n'kukamatirira pa bedi lomwelo.

Funso: Akonzi, kodi okuthandiza kunyamula ndingowatenga aliyense amene ndamupeza tsikulo? Nanga makasitomala ndingawapeze bwanji?

Yankho: Bambo, anthu amenewa mukuwalowetsa m'chipinda chogona cha munthu, kumene ngakhale abale ake ena salowako, choncho musatenge munthu amene simukumudziwa kumene amakhala. Khalani ndi awiri kapena atatu okhazikika, musunge makope a ziphaso zawo, muziwalipira pa nthawi yake, ndipo muwaphunzitse kunyamula atapinda mawondo, msana uli chilili, katundu ali pafupi ndi thupi. Chinthu cholemera kwambiri azinyamula awiri, mmodzi yekha ndiye azilamula ponyamula ndi potula. Funsaninso zimene malamulo a ntchito a m'dziko lanu amanena wantchito akavulala.

Za makasitomala, lembani dzina la bizinesi ndi nambala ya foni m'mbali mwa galimoto ndi zilembo zazikulu, ikani zithunzi za katundu womangidwa bwino pa Facebook ndi pa WhatsApp mutapempha chilolezo kwa eni ake, ndipo dziwanani ndi anthu opezera anzawo nyumba za lendi komanso ogulitsa mipando, chifukwa iwo ndiwo amayamba kudziwa amene akusamuka. Mukamaliza kutsitsa musathamangire kunyamuka: mangani mabedi, ikani katoni iliyonse m'chipinda chimene yalembedwa, tolani zidutswa za tepi, ndipo musiyire mwini nyumba makhadi anu awiri, limodzi lake, lina loti adzapatse mnzake.